Kodi wolemba zikwangwani angadzatchuke pa zojambula?

Funso: A Mkonzi, ndatha zaka zisanu ndikulemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera, koma anzanga amati ntchito yangayi ndi ganyu chabe, si luso. Kodi alipo wojambula wotchuka amene anayambira pamene ndili ine? Wowerenga wa ku Lunzu.

Yankho: Alipo, ndipo dzina lake ndi Chéri Samba wa ku Democratic Republic of Congo. Iyeyu anabadwa mu 1956 m'mudzi wa Kinto M'Vuila, bambo ake ali osula zitsulo, ndipo mu 1972 anapita ku Kinshasa kukagwira ntchito yomwe inu mukugwirayi. Pofika 1975 anali atatsegula malo akeake ojambulira, kwinaku akujambulanso zithunzi zoseketsa m'magazini. Poti nsalu ya kanivasi inali yodula, zithunzi zake zoyambirira ankazijambula pa ziguduli.

Kusintha kwakukulu pa kajambulidwe kake kunachokera pamsewu pomwepo. Ataona kuti anthu akungoponya diso pa zithunzi zake n'kumapitirira, anayamba kulembamo mawu a Chilingala ndi Chifalansa, ngati mmene amachitira pa zithunzi zoseketsa zija, kuti wodutsa aime ndi kuwerenga. Mawuwo amakamba za ziphuphu, Edzi, chiwerewere ndi umphawi wa m'tauni, nthawi zambiri monyodola, ndipo nkhope yake imapezeka m'zithunzimo kawirikawiri ngati mboni ya zimene akunenazo.

Dziko linamudziwa mu 1989 pa chionetsero cha Magiciens de la Terre ku Paris, ndipo mu 2007 ntchito zake zinaonetsedwa ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha zaluso cha mumzinda wa Venice ku Italy. Zithunzi zake zinakula, penti inawala kwambiri, n'kuwonjezamo tinthu tonyezimira. Pa chithunzi chotchedwa J'aime la couleur (kutanthauza kuti "Ndimakonda mitundu"), mutu wa Samba wasendedwa mozungulira ngati lalanje, mano ataluma burashi yomwe ikudontha penti.

Ife tikuona kuti anzanuwo akulakwitsa, pakuti mizere yooneka bwino, mitundu yokopa maso ali patali ndi zilembo zowongoka zimene Samba amatamandidwa nazo ndi zida za wolemba zikwangwani, ndipo sanazitaye atatchuka. Chimene anawonjezera n'chakuti anasiya kudikira mwini golosale kuti amuuze zolemba, nayamba kulemba zakukhosi kwake.