Kamera yakumbuyo pa kalavani: magetsi muwatenge pa mapaki

Achimwene, mwafunsa ngati pa kalavani yanu ya mamita 6 muike kamera ya waya kapena yopanda waya, komanso magetsi ake muwatenge pati. Ine ndimakoka ngolo kuchoka ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, ndiye ndikuuzani zomwe ndaziona.

Musanyengedwe ndi dzina loti yopanda waya. Chithunzi chokha ndicho chimafika pa sikirini popanda waya, koma kamerayo imafunabe magetsi a 12V kumbuyo komweko. Ndiye musanagule chilichonse, werengani mapini a pulagi yolumikizira magetsi a kalavani yanu ku galimoto. Ngati ali 13, waya wa rivesi ulipo, uli pa pini 8. Ngati ali 7, monga zilili ngolo zambiri kuno, waya wa rivesi mulibe, musatope n'kuufunafuna.

Ngakhale utakhalapo, ine sindiugwiritsa ntchito. Ndimalumikiza ku waya wa mapaki (nyali zofiira zija zoyaka kumbuyo mukamayenda usiku), wa bulauni wa pa pini 5, ndipo woyera wa pa pini 3 ndiye wa earth. Mukatero, mukangoyatsa mapaki kamera nayonso yayaka, ndipo mumaona kumbuyo ulendo wonse. Thiraki ikakusendererani pa mapiri a ku Zobue, mumaiona isanayambe kukupitirirani. Koma muyeze kaye ndi tesita, chifukwa mwini wake woyamba mwina anasokoneza mitundu ya mawaya. Ngolo yanga ndinaipeza waya wa bulauni ukuyatsa indiketa!

Pa mamita 6 yopanda waya ikwanira, bola ikhale ya digital. Za analog zotchipa zija chithunzi chimachita mizeremizere mukangolowa m'tauni. Kalavani ikakhala yaitali kwambiri, kapena thupi lake ndi la chitsulo, gulani ya waya basi, ngakhale kuyendetsa wayawo pansi pa chesesi kudzakudyerani Loweruka lathunthu. Muonenso kuti pabokosi palembedwa IP67 kapena kuposerapo, apo ayi fumbi ndi mvula ziimaliza.

Tsono nkhani yoboola, pomwe ine ndinalirira. Ndinathamangira kuboola, ndinamanga masikuluwu anayi, kenako n'kupeza kuti chithunzi chikudukaduka chifukwa eriyo yabisika kuseri kwa denga. Yambani mwaimata ndi tepi, pamwamba, pakati penipeni. Wina akhale m'galimoto injini ikulira, aziyang'ana sikirini inu mukupendeketsa kamera mpaka m'mphepete mwa bampa muoneke pang'ono m'munsi mwa chithunzi. Mukakhutira ndiye boolani. Bowo lililonse muthiremo guluu wotsekera madzi wa Sikaflex musanalowetse sikuluwu, chifukwa makalavani ambiri ali ndi matabwa m'kati mwa khoma, ndipo madzi akalowa amaoletsa mwakachetechete. Mudzangodabwa khoma likubonyoka mukalidina ndi chala.

Galimoto zina zatsopano magetsi a mapaki amabwera modukizadukiza, moti chithunzi chimaphethira. Zikatero ikani relay (kaswichi koyatsidwa ndi magetsi a mapakiwo), kamera izidya kuchokera ku batire ya kalavani kudzera pa fyuzi.

Pomaliza lowani mu menu muike chithunzi pa mirror, kuti cha kumanja chizioneka kumanja ngati pagalasi. Lenzi zake zimaonetsa zinthu ngati zili kutali pomwe zili pafupi, choncho ikani ndowa pa mita imodzi kumbuyo kwa kalavani, ina pa mamita atatu, mulembe timizere pa sikirini pomwe zikuonekera. Mutitumizire chithunzi cha pulagi yanuyo muno tione mapini.