Kapinga wanga wauma: ndimuzule kapena ndidikire mvula?

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe wandilembera imelo yodandaula za kapinga wa pabwalo la nyumba yake. Akuti pamene ankalowa m'nyumbayo mu Epulo bwalo lonse linali lobiriwira, koma kuyambira mu Ogasiti kapingayo wakhala akufiira, ndipo pofika Okutobala uno wangosanduka ngati udzu wofolera denga, ngakhale kuti mnyamata wawo wa panja amawazapo madzi ndi paipi madzulo alionse. Bambo a m'nyumbamo akuti angomuzula yense n'kubzala wina, pomwe mayiwo agula kale feteleza wa urea ndipo akufuna kudziwa ngati angathire sabata ino.

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndikupemphani kuti khasu lija libwerere kumene linali, ndipo thumba la fetelezalo mulimange bwino n'kulisunga pouma kufikira mvula itagwa, chifukwa malinga ndi mmene mwafotokozera, kapinga wanuyo ndikuona kuti sanafe koma wangogona.

Kuno kwathu mvula imaleka cha mu Epulo ndipo sibweranso mpaka Novembala, kutanthauza kuti nthaka imatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo yosalandira dontho. Kapinga wathu wamasamba ang'onoang'ono uja, amene akatswiri a zomera amamutcha Cynodon dactylon, anazolowera moyo umenewu kuyambira kale. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukafika amayamba kukula pang'onopang'ono, ndipo dzuwa la Sepitembala ndi Okutobala likawomba amalola masamba ake kuuma kuti asataye madzi, koma moyo amausunga m'timapesi toyanga pansi pa nthaka ndi m'mizu. N'chifukwa chake mabwalo a mpira a m'masukulu, amene palibe munthu amawathirira, amakhala fumbi lokhalokha m'chilimwe koma amabiriwira patangotha masiku owerengeka mvula ikayamba.

Kuti mutsimikize, gwadani pamalo amene pafiira kwambiri, mugwire kapingayo chodzaza dzanja n'kukoka. Akakanirira, ndiye kuti mizu ili moyo. Kenako fukulani pang'ono ndi mpeni, muthyole kamodzi ka timapesi ta pansi tija: kakakhala koyera mkati, kolimba ndi konyowa pang'ono, palibe chodetsa nkhawa. Koma kapinga akamazuka mosavuta ngati mukunyamula mphasa, timapesi take tili takuda kapena tongofumbutuka m'manja, pamenepo pafadi ndipo padzafunika kubzalanso. Yesani malo anayi kapena asanu osiyanasiyana musanaweruze bwalo lonse.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene ndalama zanu zikutayikira. Kuwaza madzi ndi paipi kwa mphindi zochepa tsiku lililonse kumangonyowetsa fumbi la pamwamba, ndipo pofika 10 koloko m'mawa mwake madziwo amakhala atauma onse osafika kumizu. Choipa china n'chakuti mizu imatsatira chinyezi, choncho ikamapeza madzi pamwamba pokha imaleka kuzama, ndipo kapinga wa mizu yosazama ndi amene amapsa msanga tsiku limene madzi asiya kutuluka pampopi. Kapinga amene mukufuna kuti akhale wobiriwira m'nyengo yotentha amafuna madzi okwana pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, amene ndi malita 25 pa sikweya mita iliyonse, ndowa imodzi ya malita 20 ndi kachigubu ka malita asanu. Ngati bwalo lanu ndi la mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, ndiye malita 2,500 pa sabata, kapena malita 10,000 pa mwezi. Tengani bilu yanu ya madzi, muone mtengo wa malita 1,000, muchulukitse kakhumi, kenako mukambirane ndi bambo ngati bwalo lobiriwira mu Okutobala likuyenera ndalama imeneyo.

Mukavomereza mtengowo, thirirani kamodzi kapena kawiri pa sabata, m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo madziwo alowe mozama. Njira yapafupi yoyezera ndi kuika chitini chopanda kanthu cha mbali zowongoka pakati pa bwalo pamene mukuthirira, n'kusiya madzi akafika msinkhu wa mfundo yoyamba ya chala chachikulu cha kudzanja ngati mukuthirira kamodzi pa sabata, kapena theka lake ngati mukuthirira kawiri. Patatha ola limodzi tengani msomali wa mainchesi sikisi muulowetse m'nthaka ndi dzanja. Ukalowa wonse osavuta ndiye kuti madzi afika pamene akufunika. Koma mukaona kuti mtengowo wakula, musachite manyazi kumusiya kapingayo agone. Mungomuthirira mokwanira kamodzi pa masabata atatu kapena anayi kuti mizu isaume, ndipo mtundu wofiirawo muupirire. Ine kwathu ndimachita zimenezi, madzi ndimasungira ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso, ndimangobiriwitsa kachigawo kakang'ono ka pakhomo pamene alendo amakhala. Chimene sindingakulangizeni ndi kukhala pakatikati, kumudzutsa kapinga ndi madzi sabata ino n'kumusiya sabata yamawa, chifukwa nthawi iliyonse imene waphuka amawononga chakudya chimene anasunga m'mizu.

Madzi otsukulira zovala ndi osambira mungathirire nawo, bola musamathire malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo amene muli Jik kapena mafuta a m'mbale musawayandikize.

Za urea, yankho ndi lakuti ayi, osati panopa. Fetelezayu ali ndi nayitirojeni wokwana 46 peresenti, ndipo akagwera pa kapinga wouma m'nthaka yopanda chinyezi amawotcha timapesi tomwe tinali moyo, pomwe gawo lina limangouluka ngati mpweya osathandiza kanthu. Musanyengedwenso ndi mvula ya chizimalupsa, imene imagwa tsiku limodzi kenako dzuwa n'kubwerera ndi ukali. Dikirani mvula yeniyeni ikhazikike ndipo kapinga ayambe kuphuka yekha, cha kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Pamenepo kilogalamu imodzi ya urea imakwana bwalo la mamita 10 kwa 10, yomwazidwa mofanana masamba ali ouma, n'kuthirira pomwepo ngati mvula sikubwera tsiku lomwelo. Chimene mungachite panopa ndi kukonzeratu manyowa owola bwino a ng'ombe kapena kompositi, osefedwa, oti mudzawaze mopyapyala mvula ili pafupi. Manyowa a nkhuku osawola amawotcha ngati urea yemweyo.

Mumuuzenso mnyamata wanu kuti chitchetcho achipumitse. Anyamata ambiri amatchetcha mpaka dothi kuonekera poganiza kuti ndiko kukonza bwino, koma udzu wouma umene uli pamwambawo ndi umene ukuphimba mizu kudzuwa. Ngakhale m'dzinja, asamadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa kapinga pa ulendo umodzi. Kutentha bwalo, kumene ena amati kumathandiza kuti msipu uphuke bwino, kusachitike pakhomo: kumasiya nthaka pambalambanda, ndipo ndi mphepo ya Okutobala moto suchedwa kugwira mpanda wa udzu wa aneba.

Zonse ndanenazi zikukhudza bwalo limene lafiira lonse mofanana. Ngati kufiirako kuli kwa zigamba, pena pobiriwira pena pouma, chifukwa chake chimakhala china, ndipo maonekedwe a chigambacho ndi amene amaulula. Tizigamba tozungulira ngati mbale, topsa pakati koma tobiriwira kwambiri m'mphepete, kawirikawiri ndi mkodzo wa galu, ndipo mankhwala ake ndi ndowa ya madzi pamalopo galuyo akangochoka. Mukaona timilu ta dothi ndi timaenje, udzu utadulidwadulidwa tizidutswa tifupitifupi, ameneyo ndi chiswe, chimene chimavuta kwambiri m'chilimwe. Funsani kwa ogulitsa zipangizo zaulimi mankhwala ovomerezeka, mutsate zolembedwa pabotolo, ndipo ana, nkhuku ndi agalu asapondepo mpaka pataumiratu. Kapinga akamazuka ngati mphasa, yang'anani pansi pake ngati pali mbozi zoyera zonenepa, zopindika, za mutu wofiirira, chifukwa zimenezo zimadya mizu. Chigamba chimene chimayamba kuuma chaka chilichonse pamalo amodzimodzi chimakhala ndi chinsinsi pansi: ine nditakumba pa changa ndinapeza zidutswa za njerwa ndi simenti youma zimene amisiri anakwirira pomanga nyumba, dothi la pamwamba losakwana chikhatho. Pamene galimoto imaima kapena pamene anthu adutsitsa njira nthaka imagogomezeka, ndipo pamafunika kubayabaya ndi foloko ya kumunda nthaka ikafewa.

Pansi pa mtengo wa mango kapena m'mbali mwa mpanda wa njerwa, kapinga wathu wamba sachita bwino chifukwa amakonda dzuwa. Pamenepo bambo akhoza kugwiritsa ntchito khasu lawo, koma abzalepo mtundu wopirira mthunzi monga LM kapena buffalo. Kapinga wa mtundu wa Kikuyu ndi wokongola ndipo amayanga msanga, koma kwawo ndi kumapiri ozizira a ku East Africa ndipo amamwa madzi ambiri kuposa kapinga wamba, choncho pa Lilongwe ndingamubzale pokhapokha ndili ndi chitsime kapena mjigo pakhomo.

Malo amene mwapeza kuti afadi muwaike chizindikiro ndi timitengo lero lomwe. Mvula ikakhazikika mudzagaule malowo, musakanize ndi manyowa, muzule timapesi m'mphepete mwa bwalo lanu lomwelo n'kubzala motalikirana ngati chikhatho chimodzi, ndipo ana muwauze kuti mpira akasewerere kwina kwa mwezi umodzi kapena iwiri.