Mafunso pa Chichewa: kulemba za ulendo wa pagalimoto m'dziko la nyanja zambiri

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akuchita maphunziro ku Finland. Pa tchuthi cha mwezi wa June, iwo ndi anzawo awiri anazungulira pagalimoto chigawo cha nyanja cha kum'mawa kwa dzikolo, kuchokera ku Lappeenranta, kudzera ku Savonlinna mpaka kukafika ku Kuopio, uku akulawa zakudya za kumeneko ndi kuonerera miyambo ya eni dziko. Tsopano akufuna kulembera abale awo nkhani yonse m'Chichewa, koma mawu ena akuwavuta. Anatumiza zimene alemba kale pamodzi ndi mafunso awo, ndipo mafunsowo ndawafupikitsa.

Funso: Ndalemba kuti "ndinadziyendetsa ulendo wonse" pofuna kunena kuti tinalibe dalaivala wolipidwa. Mnzanga akuti sizikumveka. Chalakwika n'chiyani?

Mnzanuyo akunena zoona, mayi. Kachidutswa ka -dzi- kamabwezera ntchito kwa woichitayo, monga mu kudzicheka kapena kudziona pagalasi. Choncho mukati "ndinadziyendetsa", chinthu choyendetsedwacho ndinu, galimoto sikupezekamo. Lembani kuti "ndinkayendetsa ndekha galimoto", kapena "tinkadziyendetsera tokha". Mu kudziyendetsera muli -er- amene akusonyeza kuti ntchito imene wina akanakugwirirani munaigwira eni ake. Musaphonye n'kulemba "ndinayenda ndekha", chifukwa pamenepo anzanu awiri aja mwawatsitsa m'galimoto. Ngati munkapumitsana, nenani kuti "tinkasinthana pachiwongolero".

Ndaonanso kuti mwalemba zoti munabwereka galimoto ku kampani. Munthu akamva kubwereka saganiza za malipiro, amaganiza za chifundo cha mwini chinthu. Yanuyo inali galimoto ya hayala. Komanso m'ndime imodzi mwalemba "galimoto yathu" kenako "galimotolo". Zonse ziwiri zimamveka pakamwa pa anthu, ena amati galimoto yanga, ena galimoto langa, koma m'nkhani imodzi sankhani njira imodzi n'kuitsata. Ine ndimakonda yanga ndi galimotoyo.

Funso: Akuti Finland ili ndi nyanja pafupifupi 188,000. Kodi zonsezi ndingazitchule kuti nyanja? Nanga ndisiyanitse bwanji ndi nyanja imene tinaiona ku Helsinki?

Chiwerengerocho amachipeza akawerenga madzi onse odikha amene kukula kwake kumaposa masikweya mita 500. Malo amenewo ndi ochepa kwambiri, osakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a bwalo la mpira. M'Chichewa madzi ochepa chonchi ndi dziwe kapena thamanda, ambiri ndi maiwe ndi matamanda. Ndiye mungalembe kuti dzikolo lili ndi nyanja ndi maiwe pafupifupi 188,000, ndipo palibe adzakutsutseni. Koma Saimaa, imene ndi yaikulu kuposa zonse m'dzikolo ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 4,400, ndi nyanja popanda mtsutso.

Ya ku Helsinki ija nayonso ndi nyanja. Chichewa sichinavutikepo ndi kukhala ndi liwu limodzi pa zonsezi. Owerenga Baibulo amadziwa Nyanja ya Galileya, ya madzi abwino, ndi Nyanja Yaikulu, ya madzi amchere, ndipo sasokonezeka. Pamene pakufunika kusiyanitsa onjezani mawu: nyanja yamchere ya Baltic. Kamodzi kokha n'kokwanira.

Chimene muyenera kusamala nacho kwambiri ndi ku-, pa- ndi mu-. "Tinagona kunyanja" ndiye kuti munagona m'dera la m'mbali mwa nyanja, mwina m'kanyumba ka matabwa pagombe. "Tinagona panyanja" ndiye kuti munali pamwamba pa madzi, m'boti. "Tinagona m'nyanja" ndi nkhani ya maliro. Inu mwalemba kuti "tinayendetsa galimoto panyanja tsiku lonse", pamene mumatanthauza m'mphepete mwa nyanja. Chodabwitsa n'chakuti ku Finland chiganizo chanucho chimatha kukhala choona m'nyengo yozizira: zaka zina madzi akaundana mokwanira akhala akutsegula msewu pamwamba pa nyanja ya Pielinen, pakati pa Koli ndi Vuonislahti, magalimoto n'kumadutsa. Koma inu munapita mu June. Polemba, ku-, pa- ndi mu- timaziphatikiza ndi mayina wamba, monga kunyanja ndi pamsika, koma timazilekanitsa ndi mayina a malo: ku Kuopio, pa Saimaa.

Mwafunsanso za chilumba ndi chisumbu. Ndi chinthu chimodzi. Chisumbu mudzachipeza kwambiri m'mabuku akale ndi m'tchalitchi, pamene chilumba ndicho chili pakamwa pa ambiri lero. Lembani kuti linga la Olavinlinna, limene anayamba kulimanga mu 1475, lili pachilumba cha miyala mumzinda wa Savonlinna. Chombo chachikasu chija chimene chinanyamula galimoto yanu pamene msewu unathera m'madzi, chotsata chingwe kuchokera tsidya lino kupita tsidya linalo, ndi pantoni. Inu munawoloka, pantoni inakuwolotsani.

Funso: Zakudya ndiye zandithetsa nzeru. Nsomba zonse ndangolemba kuti "zophika". Ndipo kalakukko ndimutchule kuti chiyani? Dzinali likutanthauza "tambala wa nsomba".

Apa ndipo nkhani yanu ikutaya kukoma, chifukwa Chichewa chili ndi mawu ambiri a zimene moto umachita pa chakudya, ndipo inu mwagwiritsa limodzi lokha.

Tiyambe ndi muikku, tinsomba tating'ono tija munagula pamsika wa ku Savonlinna. Mwafotokoza kuti wogulitsa anatigubuduza mu ufa, n'kutiponya m'chiwaya chachikulu mmene munali batala wosungunuka, n'kumatembenuza mpaka titafiira, ndipo munadya ndi minga yomwe. Kumeneko ndi kukazinga. Nsomba imene inaikidwa pamwamba pa makala kapena pafupi ndi malawi kuti ipse n'kudyedwa pomwepo ndi yootcha. Imene inakhala nthawi pa utsi mpaka khungu kusanduka lagolide ndi yowamba. Kuyanika ndi kwa dzuwa ndi mphepo. Ya mu msuzi wa mkaka ndi mbatatesi ija ndiyo yophika. Mukalemba kuti "tinadya muikku zokazinga m'mawa, madzulo zowamba", wowerenga amva fungo la mitundu iwiri popanda inu kuwonjezera liwu. Bola fungolo mulembe kuti kununkhira. Pa tsamba lachitatu mwalemba kuti nsomba zowamba "zinkanunkha bwino", ndipo bwino ameneyo sangathe kupulumutsa kununkha.

Tsono kalakukko. Musamasulire dzinalo. Mukalemba "tambala wa nsomba" abale anu adzafunafuna nkhuku m'mbale, pamene mulibe. Dzina la chakudya cha eni ake lisiyeni mmene lilili, ndipo ntchito yanu ikhale kunena chimene chili ndi mmene amachikonzera. Mwachitsanzo: "Ku Kuopio tinagula kalakukko, buledi wolimba chikhungwa wa ufa wa mbewu yotchedwa rye, amene m'kati mwake amadzazamo nsomba ndi nyama yankhumba yamafuta, n'kumuphika mu uvuni kwa maola ambiri mpaka minga itafewa. Podya amadula pamwamba ngati chivundikiro." Ngati mukufuna, onjezani kuti ndi chakudya cha anthu a chigawo cha Savo, ndipo kuyambira mu 2002 chili m'kaundula wa European Union wa zakudya zamakolo zotetezedwa. Za tambalayo mungazitchule pambuyo pake monga nthabwala.

Pali msampha wina umene mwagwamo osadziwa, ndipo ndinaseka nditauona. Mwalemba kuti "kalakukko kanali kotentha, tinakadya konse". Khutu la Mchewa likamva dzina loyamba ndi ka- limathamangira ku kamwana, kambuzi, kanyumba, n'kuyamba kugwirizanitsa mawu ngati kuti chinthucho n'chaching'ono. Koma ka- wa mu kalakukko si wathu, ndi chiyambi cha kala, liwu lawo la nsomba, ndipo chakudyacho n'chachikulu moti anthu atatu mungagawane. Mayina obwereka ambiri a zakudya timawatenga monga buledi, shuga ndi tiyi: buledi wokoma, shuga wambiri. Chitani chimodzimodzi: kalakukko anali wotentha, tinamudya yense. Ndi muikku njira yosavuta ndi kutsogoza liwu lathu, nsomba za muikku kapena tinsomba ta muikku, ndipo mawu otsatira azigwirizana ndi nsomba kapena tinsomba.

Liwu loti ndiwo muligwiritse mosamala. Ndiwo zimafuna chodyera. Nsomba zimene munadyera mbatatesi mungazitche ndiwo, koma zimene munadya zokha papepala muli chiimire pamsika sizinali ndiwo, ndipo kalakukko ndi chakudya chokwanira pachokha. Pa kakomedwe, buledi wakuda uja ndi wowawasa, si wowawa. Zipatso zakutchire zimene anakupatsani ndi shuga zinali zotsekemera, ena amati zozuna. Kukoma kumakwana pa zonse, n'chifukwa chake kukachuluka m'nkhani kumasiya kunena kanthu.

Funso: Kodi sauna ndi mwambo kapena chikhalidwe? Nanga moto waukulu umene anayatsa pagombe usiku wa Juhannus?

Mawu awiriwa amalowana, koma si amodzi. Chikhalidwe ndi mmene anthu amakhalira masiku onse: kadyedwe, kalankhulidwe, kalandiridwe ka alendo. Mwambo uli ndi nthawi yake, dongosolo lake ndi zoyenera kutsata. Moto wa Juhannus ndi mwambo. Juhannus ndi chikondwerero cha pakati pa nyengo yotentha ya kumeneko, chimene chimakhala Loweruka la pakati pa 20 ndi 26 June, nthawi imene usiku sukuda kwenikweni, ndipo motowo, umene eni dziko amati kokko, kawirikawiri amauyatsa pagombe usiku woti kucha kwake ndi tsikulo. Sauna, chipinda chotentha chimene anthu amakhalamo kuti atuluke thukuta, ndi chikhalidwe, chifukwa anthu amalowamo sabata ndi sabata popanda chochitika chilichonse. Bungwe la UNESCO linailemba mu 2020 pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu chofunika kuchisunga. Komabe m'kati mwa sauna muli miyambo yake, monga kusamba kaye musanalowe ndi kufunsa anzanu musanathire madzi pamiyala. Kumbukiraninso kuti mwambo ulinso ndi tanthauzo la ulemu ndi kudzisunga. Mukalemba kuti "anthu a mumzinda alibe mwambo" pofuna kunena kuti ena sayatsanso moto wa Juhannus, mwawatukwana. Nenani kuti anasiya mwambowu.

M'ndime ya sauna mwasokoneza mawu atatu oyandikana. Chimene chimatuluka madzi akagwa pamiyala yamoto ndi nthunzi. Mthunzi ndi wa pansi pa mtengo. Utsi ndi wa nkhuni, ndipo uli ndi malo ake m'nkhani yanu chifukwa munalowa mu sauna ya utsi, yopanda chumuni: amasonkha moto kwa maola angapo, utsi n'kudzaza chipinda chonse mpaka makoma kuda bii, kenako moto ukazima amautulutsa utsiwo anthu asanalowe. Choncho munakhala mu nthunzi, m'chipinda chonunkhira utsi. Kamtolo ka nthambi zamasamba kamene a kum'mawa amati vasta simunkadzikwapula nako, pakuti kukwapula ndi chilango. Munkadzimenyamenya nako mopepuka. Mutatuluka n'kudumphira m'nyanja, ngati munangodziviika n'kutuluka, lembani zomwezo. Ngati munatambasula manja ndi miyendo n'kupita patali, munasambira. Kusamba ndi kuchotsa litsiro.

Funso: Ndilembe "tinapita" kapena "tidapita"? Kusukulu ankatiuza kuti -da- ndiye wolondola.

Aphunzitsi anu ankatsata zimene zinalimbikitsidwa m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda, Chichewa chitakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968 ndiponso Chichewa Board itakhazikitsidwa mu 1972. Nthawi imeneyo -da- ndiye ankatengedwa kukhala woyenera pa zinthu zimene zinachitika kale. Lero m'nyuzipepala ndi m'mabuku mupeza zonse ziwiri, ndipo pakamwa pa anthu ambiri -na- ndiye wachuluka. Kalata ya kwa abale ilembeni ndi -na- ngati ndi mmene mumayankhulira nawo, koma musasinthesinthe pakati pa ndime.

Chimene chingasocheretse owerenga anu kwenikweni ndi -ka- ndi -dza-, ndipo za izi simunafunse. -ka- ndi wopita kwina, -dza- ndi wobwera kuno. "Tinakagona ku Kuopio" ndi chiganizo cha munthu amene akulemba ali kwina. "Tinadzagona ku Kuopio" chimamveka ngati cha munthu amene ali ku Kuopio komweko, kapena amene akunena zimene zinachitika pambuyo pa zina. Popeza mukulemba mutabwerera kale kusukulu, malo onse a paulendowo ali kutali ndi inu, ndiye ambiri afuna -ka-: tinakalawa, tinakaona, tinakawoloka. N'chifukwa chakenso inuyo munapita kukaona malo, koma eni mzinda wa Savonlinna akamakamba za inu amati munali alendo odzaona malo.