Kodi ndilowe m'gulu la ojambula, kapena ndizingojambula ndekha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wakhala akujambula zithunzi ndi penti kwa zaka zinayi. Masana amagwira ntchito ina, madzulo ndiye amayala chinsalu patebulo n'kumajambula mpaka tulo titamugwira. Ojambula ndi osema ena a kudera kwawo amuitana kuti alowe m'gulu lawo. Amasonkherana ndalama ya lendi ya chipinda chimodzi chachikulu, amagwiriramo ntchito, ndipo kamodzi pachaka amachita chionetsero. Iye walemba kuti: "Ndikuopa zinthu ziwiri. Choyamba, kuti adzandibera kajambulidwe kanga kamene ndakavutikira. Chachiwiri, kuti ndikamakhala nawo ndidzayamba kujambula ngati iwowo, zangazanga n'kutayika. Kodi ndilowe?"

Achemwali, lowani. Ndayamba ndi yankho kuti mtima ukhale m'malo, koma mantha anu awiriwo sindikuwapeputsa. Amodzi ndi ang'ono kuposa mmene mukuganizira. Enawo ndi enieni, ngakhale gwero lake si limene mukuliloza.

Ineyo ndinajambula ndekha kwa zaka zambiri ndisanakhale m'chipinda chimodzi ndi anzanga. Mwezi woyamba nditalowa, bambo wina wachikulire, wosema miyala, anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali osayankhula. Kenako anandifunsa kuti, "Kodi anthu akowa manja awo ali kuti?" Nditayang'ana zithunzi zanga zonse zimene ndinatsamiritsa kukhoma, ndinaona zimene iye anaona: wina wapisa manja m'thumba, wina waika kumbuyo, wina wawabisa m'nsalu. Manja ankandivuta kujambula, ndiye ndinkawathawa osadziwa n'komwe kuti ndikuwathawa. Abale anga ankaona zithunzi zomwezo tsiku lililonse, ankaziyamikira ndi mtima wonse, koma palibe ananenapo za manja. Diso la munthu wokukonda limaona iweyo. Diso la mmisiri mnzako limaona ntchitoyo. Ndinatha miyezi itatu ndikujambula manja okhaokha, anga omwe, a anzanga ali kusema, a mwana atagwira kapu. Funso limodzi lija linandiphunzitsa zimene zaka za ndekha zinalephera kundiphunzitsa.

Tsono za kuberedwa.

M'chaka cha 1869, ojambula awiri a ku France, Claude Monet ndi Pierre-Auguste Renoir, ankapita limodzi pamalo ena osambira otchedwa La Grenouillère, m'mbali mwa mtsinje wa Seine kufupi ndi Paris. Ankaima moyandikana, kujambula madzi omwewo, mabwato omwewo, anthu omwewo, tsiku lomwelo. Zithunzi zawo zilipo mpaka lero ndipo mukhoza kuziona pa intaneti. Mukaziika pambali n'pambali muona kuti Monet mtima wake unali pa kuwala kovina pamadzi, pamene Renoir maso ake anali pa anthu ndi zovala zawo. Aliyense ankaona burashi ya mnzake ikuyenda, aliyense anatolako kanthu, koma palibe anasanduka mnzake. Pablo Picasso ndi Georges Braque anafika potalikirapo: kuyambira cha m'ma 1908 mpaka nkhondo itayamba mu 1914 ankayenderana kawirikawiri, ndipo zithunzi zawo zina za nthawi imeneyo n'zofanana moti ngakhale odziwa amavutika kusiyanitsa. Mmenemo ndi mmene munabadwira kajambulidwe kotchedwa Cubism. Palibe mwa awiriwa anasauka nazo.

Munthu angathe kutengera mitundu imene mumakonda, kapena mmene mumapakira penti mochindikala. Zimene sangatenge ndi chifukwa chimene inuyo mumasankhira zimenezo, zimene munaona muli mwana, zimene zimakusowetsani tulo. Wotengera amakhala m'mbuyo nthawi zonse, pakuti akamamaliza kutengera chithunzi chanu cha chaka chatha inu mwapita kale kwina.

Pali mbali ya malamulo imene ndi bwino muidziwe. M'maiko ambiri, makamaka amene anasainira pangano la Berne loteteza umwini wa ntchito zaluso, limene linayamba mu 1886, chithunzi chimakhala chanu mwalamulo kuyambira pamene mwachijambula, popanda kukachilembetsa kwina kulikonse, ndipo chitetezocho chimapitirira zaka zosachepera 50 mwini wake atamwalira. Koma lamulo limateteza chithunzi chenichenicho, osati ganizo kapena kalembedwe ka burashi. Wina akajambula amayi ali pamsika chifukwa waona inu mukujambula amayi ali pamsika, palibe mlandu. Akakopera chithunzi chanu n'kuikapo dzina lake, kapena akachisindikiza pa malaya n'kumagulitsa osakupemphani, pamenepo walakwa. Choncho chithunzi chilichonse muzilembapo dzina ndi chaka, muzichijambula ndi foni chisanatuluke m'manja mwanu, ndipo muzisunga kabuku kolembamo kukula kwake, tsiku limene munachimaliza ndi amene anachitenga. Ndiponso dziwani kuti gulu limatetezanso. Anthu khumi amene anakuonani mukuvutika ndi chithunzi kwa milungu itatu ndi mboni zanu. Wojambula wobisala m'nyumba akaberedwa, amuikira kumbuyo ndani?

Mantha achiwiriwo ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndawaona akukwaniritsidwa.

Zimachitikadi kuti ojambula a m'chipinda chimodzi amayamba kufanana. Koma nthawi zambiri chimene chimawafananitsa si ubwenzi, ndi msika. Mmodzi akagulitsa zithunzi zitatu za dzuwa likulowa, mwezi wotsatira makoma onse adzaza dzuwa likulowa. Palibe amene wakakamiza mnzake. Lendi ikufunika, ana akufuna fizi, penti watha, ndiye dzanja limapita lokha kumene kuli ndalama.

Nkhani ya Edward Saidi Tingatinga imaonetsa mbali zonse ziwiri. Iye anayamba kujambula ku Dar es Salaam mu 1968, pogwiritsa ntchito penti wopakira njinga ndi timatabwa ta siling'i, chifukwa ndi zimene akanakwanitsa kugula. Nyama ndi mbalame zake zinali zachilendo, zowala, zakezake. Anaphunzitsako achibale ndi anzake ochepa, ndipo mu 1972 anaphedwa ndi chipolopolo cha apolisi atangojambula zaka zinayi zokha, monga inuyo. Ophunzira ake sanalole kuti lusolo life naye. Anapitiriza, anaphunzitsa ena, ndipo bungwe lawo likadalipo, mabanja ambiri akudya kudzera m'dzina lake. Ichi ndi chinthu chachikulu ndipo ndimachilemekeza. Komabe aliyense amene anaonapo zithunzi za Tingatinga zogulitsidwa kwa alendo akudziwa kuti zambiri zimabwereza nyamalikiti yemweyo, kambuku yemweyo, mbalame yomweyo. Pakati pa ojambulawo pali ena a luso lozama amene anapeza njira yawoyawo, koma anachita kulimbana kuti atuluke mu zimene wogula akuyembekezera.

Sindikunena kuti kujambula zogulitsa n'kulakwa. Wojambula nayenso amadya. Chimene ndikupempha n'chakuti muzidziwa pamene mukujambula za lendi ndi pamene mukujambula zanu, ndipo zanuzo musazisiye ngakhale mwezi umodzi. Ntchito yanu ya masana ija, imene mwina mumaiona ngati yokuberani nthawi, ili ndi ubwino wake pano: simukudalira chithunzi kuti mudye mawa, choncho mungathe kukana kujambula zimene mtima wanu sukufuna. Musafulumire kuisiya.

Ndipo tebulo lanu la madzulo lija musalitaye. Ine ndimati chithunzi chikakhala chakhanda, chisanayambe kuima pachokha, chisaonedwe ndi anthu ambiri. Mawu amodzi okha olankhulidwa msanga angachiphe. Muziyambira kwanu, m'kabuku kanu kojambulamo, pamene palibe wokuyang'anani. Chikalimba, ndiye chitengereni kwa anzanu.

Tsono ubwino wina wa gulu ndi woti limatsegula zitseko zimene munthu mmodzi sangazikankhe. Ku France m'zaka za m'ma 1800, wojambula kuti adziwike ankayenera kulandiridwa pa chionetsero chachikulu chotchedwa Salon, ndipo oweruza ake ankakana ntchito zambiri za achinyamata. Pa 15 April 1874, ojambula pafupifupi 30 anatsegula chionetsero chawochawo m'zipinda zimene kale ankagwiriramo ntchito wojambula ndi kamera wotchedwa Nadar. Munali Monet, Renoir, Degas, Cézanne, Pissarro, komanso mayi wina, Berthe Morisot. Olemba nyuzi ena anawaseka, ndipo dzina lakuti Impressionist, limene ojambulawa amadziwika nalo, linayamba ngati chipongwe. Iwo anachita zionetsero zisanu ndi zitatu mpaka 1886. Ankakangana kwambiri, ena ankatuluka n'kubwereranso, moti Pissarro yekha ndiye anaonetsa nawo pa zonse. Morisot anajomba kamodzi kokha, mu 1879, atangobereka mwana wake wamkazi. Ndamutchula dala chifukwa ndinu mayi, ndipo mudzakumana ndi anthu amene adzakuonani ngati wodzathandiza kukonza malo pa tsiku la chionetsero osati ngati mmisiri. Musavomere. Zithunzi zanu zipachikidwe pamalo owala mofanana ndi za amuna.

Ku Zimbabwe, mudzi wa osema wa Tengenenge, kufupi ndi Guruve, unayamba mu 1966 pa famu ya fodya ya Tom Blomefield, malonda a fodya atasokonekera. Ambiri mwa oyamba kusema anali antchito a pafamu, ena ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, anthu amene sanalowepo m'kalasi ya zaluso. Mwala unali pomwepo, zida ankabwerekana, ndipo ankaphunzira poyang'anana. Mmenemo munatuluka Bernard Matemera ndi Henry Munyaradzi, amene ziboliboli zawo zinafika m'maiko akutali. Mukaona nkhope zosalala, zofatsa za Munyaradzi ndi zinyama zonenepa, zoopsa za Matemera, simunganene kuti kusema pamalo amodzi kunawasandutsa munthu mmodzi.

Koma si gulu lililonse limene lili labwino, ndipo si anthu onse amene angakhalire limodzi. Wojambula Vincent van Gogh ankalakalaka kwambiri nyumba ya ojambula ku Arles, ku France. Anachita lendi nyumba yachikasu ija, anaikongoletsa, anadikira. Wojambula mnzake Paul Gauguin anafika mu October 1888, ndipo pofika pa 23 December zonse zinali zitatha, Van Gogh atadzicheka khutu. Matenda ake a maganizo anali mbali yaikulu ya nkhaniyo, komanso awiriwa ankasemphana pa maziko enieni a ntchito: Gauguin ankafuna kuti mnzake azijambula za m'mutu, pamene Van Gogh ankafuna chinthu chili pamaso pake. Milungu isanu ndi inayi yokha. Nkhaniyi imandimvetsa chisoni nthawi zonse, chifukwa munthuyo ankangofuna mnzake wogwira naye ntchito.

Choncho musanapereke ndalama iliyonse, pempheni kuti mukakhale nawo masiku awiri kapena atatu. Mukamvetsere mmene amayankhulirana za ntchito. Kodi wachinyamata angathe kuuza wamkulu kuti mbali iyi sinakhale bwino, wamkuluyo n'kumva? Kodi pali munthu mmodzi amene zonse zimathera pa iye? Akamadzudzula, akudzudzula chithunzi kapena mwini wake? Kudzudzula kothandiza kumayamba ndi kunena zimene diso likuona: diso langa likuyambira apa, likukakamira pakona iyi, buluu uyu akulimbana ndi wofiirayu. Mwini chithunzi azikhala chete poyamba, azingomva, chifukwa tsiku la chionetsero sadzaima pambali pa wowonera aliyense n'kumamufotokozera. Mawu akuti "n'chokongola" ndi akuti "sichili bwino" onsewo sakupatsani chogwira.

Za ndalama muzikambirane poyera ndipo zilembedwe. Lendi ndi zingati, wina akalephera mwezi umodzi chimachitika n'chiyani, chithunzi chikagulidwa inu kulibe ndalama imalandiridwa ndi ndani, gulu limatengapo gawo lanji. Nyumba zogulitsa zithunzi nthawi zambiri zimatenga pafupifupi theka la mtengo, choncho gulu la ojambula okhaokha liyenera kutenga zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Magulu ambiri amene ndinawaona akupasuka sanapasuke chifukwa cha luso. Anapasukira ndalama ya chithunzi chimodzi imene palibe anailemba.

Palinso za thupi lanu. Ngati m'chipindamo muli ogwiritsa penti wa mafuta, fungo la tepentaini limadwalitsa mutu ndi chifuwa, ndiye mawindo azikhala otsegula. Sanza zonyowa ndi mafuta a linseed, amene amasakanizidwa mu penti wa mafuta, zikaunjikidwa pamodzi zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka moto, choncho ziziyanikidwa iliyonse payokha kapena ziziikidwa m'chitini chachitsulo chokhala ndi madzi. Osema azisemera panja kapena kuchipinda china, chifukwa fumbi la mwala limawononga mapapo, komanso limamatirira pa penti wa mafuta amene amatenga masiku angapo kuti aume. Ngati mumagwiritsa penti wa akiriliki vutoli n'lochepa, poti amauma m'mphindi zochepa.

Tsiku loyamba musatenge chithunzi chimene mumanyadira kwambiri. Tengani chimene chakukanikani, chija munachitembenuzira kukhoma miyezi iwiri yapitayo. Chiimikeni pakati, mufunse kuti akuona chiyani, kenako mukhale chete. Mukadzabwerako mudzandilembere, achemwali, ndikufuna kudzamva zimene anakuuzani ndiponso zimene munachita nacho chithunzicho.