Achemwali, nsima musaisiye, yambirani pa kapu ya tiyi

Achemwali, zomwe mwalemba pagulu pano zandikhudza, chifukwa zaka zitatu zapitazo ine ndinali pomwe muli inupo. Mwati chibadwireni mwana wachiwiri thupi lakana kubwerera, sikelo ikuwerenga makilogalamu 86 pomwe msinkhu wanu ndi mita 1.60, mawondo ayamba kuwawa mukamakwera mtunda, ndipo wina wakuuzani kuti mugule tiyi wochepetsa thupi n'kusiyiratu nsima. Mukufunsa ngati pali njira yachilengedwe. Ilipo, ndipo ndi imene inandichotsa pa 91 kufika pa 78 m'chaka chimodzi ndi theka, osagula kanthu kalikonse kachilendo.

Tiyi ameneyo musagule, chonde. Ambiri mwa matiyi otere amaikamo masamba a senna kapena zina zotsegula m'mimba ndi zokodzetsa. Sikelo imatsikadi sabata yoyamba, koma chomwe chachoka ndi madzi ndi za m'matumbo, mafuta ali pomwepo. Ine ndinagula paketi kwa mayi wina wotsatsa pa WhatsApp, ndinatha masiku anayi ndikutsegula m'mimba, miyendo ili lendelende, ndipo nditangosiya thupi linabwerera mwakale. Madzi ofunda a mandimu m'mawa sioipa, imwani ngati mumawakonda, koma sasungunula mafuta. Lamba womanga pamimba nayenso amangokutulutsani thukuta.

Musanayambe chilichonse, pitani kuchipatala, kaya ku Mapale kaya kwina kulikonse komwe muli nako pafupi, akakuyezeni BP ndi shuga. Ngati mukulera ndi jakisoni wa miyezi itatu uja, auzeni anesi, chifukwa amayi ena amanenepa naye. Musasiye panokha, kambiranani nawo za njira zina. Achipatala amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BMI: amatenga kulemera kwanu n'kugawa ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Wanu ukufika pa 33 ndi kanthu, pomwe kuyambira 25 amati munthu wapitirira muyeso, kuyambira 30 amati wanenepa kwambiri. Nambalayi isakuopseni. Kungochotsa makilogalamu 4 mpaka 8 pa thupi lanulo, BP, shuga ndi mawondo zimayamba kumva kusintha. Liwiro labwino ndi theka la kilogalamu pa sabata, ikachuluka imodzi.

Tsopano ku kapu ya tiyi. Kuno ku Mzuzu kumazizira, ndipo mu June ndi July ketulo sichoka pamoto. Ine ndinkamwa makapu atatu patsiku, iliyonse masupuni atatu a shuga odzaza tho, ndiye kuti masupuni 9 ndisanadye n'komwe chakudya chenicheni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asamapitirire magalamu 50 patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo limati n'kwabwino kwambiri kukhala pansi pa masupuni 6. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8. Onjezanipo Sobo wa masana, thobwa lothira shuga, mandasi awiri a 10 koloko, muona kuti munthu amadutsa muyeso kutali osadziwa. Choipa cha zakumwa zotsekemera n'choti sizikhutitsa. Mwamwa, koma nsima mudyabe yofanana.

Musadule shuga yense tsiku limodzi, mudzangokwiya n'kubwerera. Sabata ino thirani masupuni awiri, pakatha masabata awiri imodzi, kenako theka. Lilime limazolowera. Ine panopa khofi wathu wa Mzuzu ndimamwa wopanda shuga ndipo fungo lake ndi pamene ndinayamba kulimva bwino. Zoziziritsa kukhosi zisiyireni tsiku la ukwati. Pa desiki kapena pa benchi la geni ikani botolo la madzi.

Kenako yang'anani botolo la mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa makalori 100, ndipo ambirife sitiyeza, timangopendeketsa botolo mumphika mpaka tomato asambire. Yezani ndi supuni. Ndiwo za banja lonse supuni imodzi kapena ziwiri zikwanira. Nsomba yootcha kapena yowiritsa ndi tomato ndi anyezi imakoma bwinobwino. Tchipisi cha pachiwaya ndiye chinandivuta kwambiri kusiya, chifukwa ndinkadutsa pomwepo madzulo alionse ndikuweruka, njala ili pachimake. Chomwe chinandithandiza n'kudya nthochi kapena chimanga chootcha cha m'ma 4 koloko, kuti ndikamafika pachiwayapo ndisakhale ndi njala yolusa.

Za nsima ndiye ndikutsutsana nawo kwambiri amene anakulangizaniwo. Munthu wokulira pa nsima mukamuuza kuti asiye, apirira masabata awiri, kenako tsiku lina adya mitanda isanu mokwiya, n'kunena kuti kuchepetsa thupi n'kosatheka. Ndiponso m'nyumba muli abambo ndi ana, simungamaphike miphika iwiri tsiku lililonse. Vuto si nsima, vuto ndi kukula kwa phiri la nsima poyerekeza ndi kandiwo ka pambali. Tembenuzani mbaleyo. Theka likhale masamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, chigwada, kabichi, therere, zomwe mumsika waukulu ndi ku Zigwagwa sizisowa. Mbali ina ikhale usipa, nyemba, nandolo, mazira, nyama ya soya kapena kankhuku. Nsima itenge malo otsalawo. Ngati mumadya mitanda itatu, bwerani pa iwiri kwa mwezi wathunthu, kenako umodzi ndi theka, kapena umodzi usiku. Yambani kudya masamba ndi ndiwo, nsima izitsatira, ndipo idyani modekha.

Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga amakhala momwemo, ndiye umakhalitsa m'mimba ndipo njala imachedwa kubwera. Koma mgaiwa wambiri umanenepetsanso. Chimodzimodzi kondowole, mpunga wa Kilombero, chinangwa, mbatata ndi nthochi zophika: zonsezi ndi gulu limodzi la zokhutitsa pa magulu 6 a zakudya aja amatiphunzitsa kusikelo ya ana. Ndimaona anthu atasiya nsima n'kumadya mbale yodzaza mpunga, kumaganiza kuti asintha kanthu. Sankhani chimodzi pa chakudya chilichonse, osati nsima ndi mbatata pamodzi.

Mapeyala ndi nsinjiro ndi zabwino m'thupi, koma zili ndi mafuta ambiri. Theka la peyala likwanira, ndipo ndiwo zotendera musathirenso mafuta. Mchere nawo usapitirire supuni yaing'ono imodzi patsiku, magalamu 5, kuwerengera ndi wa m'timakyubu tokometsera ndiwo tija. Mchere sunenepetsa, koma umakweza BP.

Kadzutsa musamadumphe ngati mukudziwa kuti masana mudzalusa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'ono, kapena mbatata yowiritsa ndi dzira, zimandisunga mpaka 12 koloko.

Kuyenda tsopano. Mzinda wathu uno ndi wa zitunda, ndipo zitundazo ndi jimu yaulere. WHO imati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Kuyenda ndawala kukuwerengedwa, bola muziyenda mofika popuma mwamphamvu koma mukutha kulankhula. Ine ndimakhala ku Chibavi, ndipo ndinkakwera kabaza ngakhale popita pafupi. Ndinayamba ndi kutsika kabaza ulendo usanathe n'kumalizitsa wapansi. Patatha mwezi ndinayamba kuyenda ulendo wonse wa m'mawa, nsapato za kuntchito zili m'chikwama. Ndalama ya kabaza ija ndi imene ndinkagulira zipatso.

Poti mawondo anu akuwawa, musayambe ndi kuthamanga kapena kulumpha chingwe. Yambani ndi mphindi 15 pamalo athyathyathya, muziwonjezera mphindi zisanu sabata iliyonse, zitunda zibwere pambuyo. Potsika mtunda ndi pamene bondo limavutika kwambiri, choncho tsikani pang'onopang'ono. Pezani nsapato zofewa pansi, za pakaunjika zili bwino, osati masilipasi. Kawiri pa sabata limbitsani minofu kunyumba: khalani pampando n'kudzuka osagwira kanthu kakhumi, pumani, bwerezani katatu, kankhani khoma ndi manja chimodzimodzi. Minofu ya ntchafu ikalimba, bondo limapepukidwa. Bondo likatupa kapena likamapweteka usiku, kaonetseni kuchipatala.

Mdani wamkulu kuno ndi nyengo. Mvula yathu imagwa mpaka April ndi May, kenako chisanu ndi nkhungu ya m'mawa, ndiye bulangeti limakoma. Masiku otero ine ndimatsegula wailesi n'kuvina pabalaza mphindi 20 ndi ana, kapena ndimayenda masana dzuwa likatuluka. Musayende nokha kukadali mdima. Pezani mnzanu wa kutchalitchi kapena woyandikana naye nyumba, chifukwa ukadziwa kuti wina akukudikira pageti, umadzuka.

Tulo musatipeputse. Munthu wogona maola osakwana 7 amamva njala kwambiri tsiku lotsatira ndipo amalakalaka zotsekemera. Ndikudziwa kuti ndi mwana wamng'ono n'zovuta, koma foni ija usiku muziyiika patali.

Sikelo kwerani kamodzi pa sabata, m'mawa, sikelo yomweyomweyo. Masiku oyandikira kusamba imakwera chifukwa cha madzi, musakhumudwe. Muyeso wina wosavuta ndi wa chingwe: yezani msinkhu wanu ndi chingwe, chipindeni pakati, muone ngati chikuzungulira mimba yanu cha pamchombo. Kwa inu ndi masentimita 80. Pali miyezi ina yomwe sikelo yanga inaima nji, koma siketi inkamasuka, ndipo telala ndi amene anayamba kuona.

Chinthu china chimene palibe anandichenjeza ndi pakamwa pa anthu. Kwathu kuno kunenepa timakutenga ngati chizindikiro cha mtendere, ndiye mukangotsika pang'ono muyamba kumva, "Kodi mukudwala?" kapena "Abambo akunyumba sakukusamalani?" Apongozi anga anandiitanira pambali kundifunsa ngati m'banja muli mavuto. Zinandipweteka, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Ndinawaonetsa buku langa la kuchipatala momwe munalembedwa BP ya kale ndi ya tsopano, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndi amene amandisungira nkhwani kumudzi. Auzeni abambo ndi a m'nyumba mwanu poyambirira penipeni chifukwa chimene mukuchitira izi. Kuukwati ndi kuchinkhoswe idyani nawo, tengani mbale imodzi, mawa lake mupitirize monga mwa masiku onse.

Koma thupi likamatsika lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka ngati pali chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, kumeneko si kuchepa kwabwino, thamangirani kuchipatala. Ndipo ngati mukuyamwitsabe kapena mukuganiza kuti muli ndi pakati, musachepetse chakudya musanalankhule ndi anesi. Chotsani shuga ndi zokazinga zokha.

Sabata inoyi chitani zitatu basi: kayezetseni BP ndi shuga, chotsani supuni imodzi pa kapu iliyonse ya tiyi, ndipo yendani mphindi 15 tsiku lililonse. Loweruka m'mawa cha m'ma 6 koloko ine ndi amayi anzanga awiri timayenda kuchokera kusitediyamu kulowera ku Katoto n'kubwerera. Ngati mukukhala chakufupi, ndilembereni kumbali tidzakudikireni, tidzayenda pa liwiro la mawondo anu.