Hatchi ikuwonda nyengo yachisanu: tiyambire pa mano ndi udzu wouma

Achimwene ena amene amasamalira mahatchi pa pulazi ina cha ku Kyalami, kufupi ndi Johannesburg, atilembera kalata pa email. Akuti m'khola mwawo muli hatchi yofula ya mtundu wa Thoroughbred, ya zaka 15, yomwe kale inkathamanga mipikisano ku Turffontein. Chiyambireni mwezi wa Meyi yakhala ikuwonda moti nthiti zikuwerengeka, ndipo eni ake awauza kuti aziipatsa ma pellets, chakudya chogula cha timibulu, owirikiza kawiri. Akufunsa ngati zimenezi zili bwino, komanso ngati angawonjezereko madeya monga timachitira ndi nkhumba kumudzi.

Achimwene, zonse ziwiri musachite. Chifu cha hatchi ndi chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, chimalowa malita 8 mpaka 15 basi. Mukaipatsa chimanga kapena ma pellets ambiri nthawi imodzi, china chimadutsa chosagayika n'kukafika m'matumbo akulu, kumene chimasasa. Asidi wake amapha tizilombo tabwino togaya udzu, ndipo zotsatira zake ndi colic (kupweteka koopsa kwa m'mimba), kutsegula m'mimba, kapena laminitis, matenda otupitsa mkati mwa ziboda amene amatha kulumaza hatchi moyo wake wonse. Madeya alinso ndi vuto lakelake. Akagwira chuku amakhala ndi poizoni wotchedwa fumonisin yemwe amawononga ubongo wa hatchi, ndipo calcium wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi phosphorus. Chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe chisayandikire n'komwe khola, chifukwa china chimakhala ndi monensin, mankhwala amene ngakhale ochepa amawononga mtima wa hatchi n'kuipha.

Musanasinthe chakudya, pemphani eni ake aitane dokotala wa ziweto kuti apeze chikuiwondetsa. Choyamba ndi mano. Mano a hatchi amatuluka pang'onopang'ono moyo wonse ndipo amapanga nsonga zakuthwa zocheka masaya ndi lilime. Yang'anani pansi pomwe imadyera. Mukapeza timibulu ta udzu wotafunidwa n'kulavulidwa, kapena ndowe zokhala ndi udzu utaliutali, mano akufunika kupalidwa, ntchito yoyenera kuchitika kamodzi pa chaka. Chachiwiri ndi njoka za m'mimba. Tumizani ndowe zatsopano akawerenge mazira, kenako dokotala asankhe mankhwala. Musangogula chubu chilichonse cha mankhwala a njoka, chifukwa wina wotchedwa moxidectin ndi woopsa kwa hatchi yopanda mafuta m'thupi. Chachitatu ndi zilonda za m'chifu, zomwe zimapezeka kwambiri mwa mahatchi omwe anali a mipikisano: hatchi imasiya chakudya pakati, imakwiya mukamamanga lamba wa chishalo, ubweya umataya kuwala. Ndipo kuno ku Gauteng musaiwale biliary, matenda obwera ndi nkhupakupa. Tukulani mlomo muone nkhama. Zikakhala zoyererako kapena zachikasu, magazi akayezedwe msanga.

Palinso china chimene wosamalira yekha ndiye amachiona: kodi hatchiyi ikudya chakudya chake chonse, kapena zinzake zamphamvu zikuithamangitsa? Yachikulire ndi yofatsa imangopatuka. Idyetseni payokha.

Tsopano dziwani kulemera kwake. Tengani tepi, yezani kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kenako kutalika kuchokera pa nsonga ya phewa kufika pa nsonga ya thako, zonse mu masentimita. Nambala ya chifuwa ichulukitseni ndi iyo yomwe, chulukitsaninso ndi kutalika, mugawe ndi 11,880. Chifuwa cha 180 ndi kutalika kwa 165 zimapereka makilogalamu 450. Madokotala amagwiritsanso ntchito muyeso wa Henneke wochokera pa 1 mpaka 9, pomwe 5 ndi thupi labwino: nthiti siziwoneka koma zimamveka mukapapasa. Nthiti zikamawoneka bwinobwino ndiye kuti ili cha pa 3 kapena 4.

Chonenepetsa hatchi ndi udzu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chimaumitsa udzu wa kikuyu wa m'mapadoko. Hatchi imaoneka ngati ikudya tsiku lonse koma m'udzu woyerawo mulibe kanthu. Tiyerekeze mukufuna ifike makilogalamu 500. Ipatseni udzu wouma wokwana 2 mpaka 2.5 peresenti ya kulemera kumeneko, kutanthauza makilogalamu 10 mpaka 12.5 pa tsiku. Yezani pa sikelo ija yopachikira katundu, chifukwa mabelo amasiyana kulemera ndipo diso limanama. Udzu wouma wa teff kapena eragrostis wabwino, wobiriwirako, wonunkhira bwino, wopanda fumbi ndi chuku, akhale pamaso pake usana ndi usiku. Neti yoikamo udzu ikapezeka yopanda kanthu m'mawa, ndiye kuti usiku munaika wochepa. Udzu ukamagayika m'matumbo umatulutsanso kutentha, motero neti yodzaza usiku imathandizana ndi bulangete poteteza hatchi yowonda ku mphepo.

Pa makilogalamu amenewa, 2 mpaka 3 akhale lucerne, chomera cha mtundu wa nyemba chomwe amaumitsa ngati udzu. Ali ndi mphamvu ndi mapuloteni ambiri kuposa udzu wamba, ndipo calcium wake amachepetsa ukali wa asidi m'chifu, zomwe zimathandiza hatchi ya zilonda. Yambani ndi theka la kilogalamu n'kumakweza pang'onopang'ono kwa masiku 10 mpaka 14. Lamulo limeneli ndi la chakudya chatsopano chilichonse, ngakhale belo lochokera kwa wogulitsa wina. Udzu wotchetchedwa ndi makina pabwalo la nyumba musaupereke ngakhale alimi a maluwa akupatseni ulere, chifukwa umasasa msanga ndipo hatchi imaumeza osatafuna.

Mukakonza za udzu ndi pomwe tingakambe za m'chidebe. Sankhani chakudya cha mahatchi okalamba kapena cholembedwa kuti chili ndi fibre ndi mafuta ambiri, starch wochepa. Pa hatchi ya msinkhu uwu musapitirire makilogalamu 2 pa kudya kumodzi, ndipo kugawa katatu kapena kanayi pa tsiku kuli bwino kuposa kawiri. Beet pulp, zotsalira za chomera cha beet akachotsamo shuga, ndi wabwino, koma muviike m'madzi mpaka afewe monga thumba likunenera, ndipo wotsala mutaye asanasase. Mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena canola amapereka mphamvu yoposa kawiri ya chimanga cholemera chimodzimodzi, popanda kuipangitsa hatchi kukhala yaphuma. Yambani ndi mamililita 50 pa tsiku, muziwonjezera pang'ono masiku angapo aliwonse mpaka kapu imodzi ya mamililita 250 pakatha milungu itatu. Ndowe zikayamba kufewa, bwererani pa muyeso wam'mbuyo. Funsani dokotala za vitamini E, amene amafunika wochuluka mafuta akawonjezeka. Thirani mchere masipuni aakulu awiri pa tsiku, ndipo madzi aziyang'anidwa m'mawa uliwonse. Hatchi imafuna malita 25 kapena kuposerapo, koma madzi akazizira kwambiri imamwa pang'ono, udzu wouma n'kutsekeka m'matumbo.

Zonsezi ndi za hatchi yowonda koma yoti imadya tsiku lililonse. Yomwe yakhala ndi njala nthawi yaitali, mafupa a m'chiuno ndi msana zili poyera, ndi nkhani ina. Mukaikhutitsa mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi monga phosphorus umatsika, mtima ndi mapapo zimalephera, ndipo imatha kufa m'masiku ochepa oyambirira. Yotere imayamba ndi lucerne theka la kilogalamu maola 4 aliwonse kwa masiku atatu, popanda ma pellets, dokotala akuyang'anira.

Auzeni eni hatchi asayembekezere kusintha m'sabata imodzi. Kukwera gawo limodzi pa muyeso wa Henneke kumafuna makilogalamu 16 mpaka 20, ndipo zimatenga pafupifupi miyezi iwiri. Chepetsani ntchito yolemetsa, koma iziyendetsedwa pang'ono tsiku lililonse kuti minofu ya pamsana ibwerere. Yezani ndi tepi milungu iwiri iliyonse, nthawi yofanana, mujambule chithunzi cham'mbali pa foni, manambala mulembe m'kope. Pakatha milungu 6 nambala isanakwere, kapena mukaona kutsegula m'mimba kosatha, kutupa kunsi kwa mimba, kapena ubweya wautali wosathothoka, dokotala abwerenso adzayeze chiwindi, impso ndi matenda a Cushing's omwe amagwira mahatchi a zaka zimenezi.