Kodi Lagos ndi Rivers akudyeredwa masuku pamutu pa msonkho wa VAT?

Mayi wina wandilembera kufunsa kuti, popeza zigawo za Lagos ndi Rivers ku Nigeria zimasonkha ndalama zambiri ku boma lalikulu la ku Abuja, bwanji osazilola kusunga zawo n'kumadziyendetsa zokha. Mayi, madandaulo awo ndi omveka ndithu, koma masamu amene amatchulidwa pa nkhaniyi amasokeretsa anthu, ndipo zimenezi zimandipweteka.

Mkangano unapsa mu August 2021 pamene khoti lalikulu ku Port Harcourt, likulu la Rivers, linagamula kuti Rivers ndiye ali ndi mphamvu yotolera VAT m'chigawo chake, osati FIRS, bungwe lotolera misonkho la boma lalikulu. Bwanamkubwa wa nthawiyo, Nyesom Wike, ananena kuti mu June chaka chomwecho Rivers inasonkha pafupifupi N15 biliyoni (N ndi naira, ndalama ya ku Nigeria) koma inabwezeredwa N4.7 biliyoni yokha. Lagos nayo inakhazikitsa lamulo lake la VAT mu September, kenaka khoti la apilo linalamula kuti zinthu ziyambe zaima monga zinalili. Pa nthawiyo VAT ya 7.5 peresenti inkagawidwa motere: 15 peresenti ku Abuja, 50 ku zigawo, 35 ku makhonsolo. Pa gawo la zigawo, 20 peresenti yokha ndiyo inkatsata kumene ndalamayo yachokera. Anthu a ku Port Harcourt ankawawidwanso mtima poona Kano, chigawo cha kumpoto kumene a Hisbah, apolisi oona za malamulo a Chisilamu, amaphwanya mabotolo a mowa, ikulandira nawo msonkho wochokera pa mowa womwewo.

Koma ndalama imene imalembedwa kuti "yachokera ku Lagos" si yonse imene inalipidwa ndi anthu a ku Lagos. Mlimi wa ku Sokoto akagula mayunitsi a kampani ya mafoni ya MTN, VAT yake inkawerengedwa ku Lagos chifukwa kumeneko ndi kumene kuli likulu la kampaniyo, ndipo ndi kumene imaperekera malipoti a msonkho. N'chimodzimodzi mabanki ndi makampani a simenti. Wolipira VAT ndi wogula, kampani imangotolera. Choncho wandale akaima pa nsanja n'kunena kuti chigawo chake chikudyetsa dziko lonse, akuwerengera limodzi ndi thukuta la anthu a kutali amene sanapondepo mu mzindawo.

Vuto lina ndi la kabwezedwe. Fakitale ya ku Ogun ikagulitsa katundu kwa wamalonda wa ku Onitsha m'chigawo cha Anambra, wamalondayo amachotsa VAT imene analipira pogula pa imene watolera pogulitsa. Zigawo 36 zikakhala ndi malamulo 36, ndalama yalowa ku Ogun koma wofuna kuichotsa ali ku Anambra. Adzabweze ndani? Palibe chigawo chimene chingavomere, ndiye katundu amakhomeredwa kawiri, mtengo n'kukwera kwa wogula womaliza.

Nanga yankho?

Kuwerenga kumene katundu wagwiritsidwa ntchito, osati kumene kuli likulu. Malamulo atsopano amene Pulezidenti Bola Tinubu anasaina mu June 2025 anatsitsa gawo la Abuja kufika pa 10 peresenti, la zigawo n'kukwera kufika pa 55, ndipo 30 peresenti ya gawo la zigawolo itsata kumene kwagulidwa zinthu. Poyamba boma linkafuna 60, koma abwanamkubwa a kumpoto anakana. Kuti zimenezi zigwire ntchito, kampani iliyonse iyenera kulemba malonda ake chigawo ndi chigawo, ndipo pamenepo ndi pamene muziyang'anitsitsa, mayi.